Mpando Wanu Unali Pakati

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, kupatula a Ndau oimba ng'oma aja, omwe miyendo yawatupanso.

Munalonjeza kubwera kuti bandi yanu iimbenso patatha zaka makumi awiri ndi zitatu, kuyambira ku Champiti mpaka ku Bwanje. Anzanu atatu aja anayeserera Loweruka lililonse kwa masabata asanu ndi anayi. Gitala lanu ndinalipukuta, ndipo pa nsambo ziwiri zoduka ndinaikapo mawaya a mabuleki a njinga.

Loweruka lapitali anthu anadzaza bwalo ku Champiti, ena atayenda kuchokera ku Nzama. Tinakudikirani kuyambira 1 koloko mpaka 5 koloko, mpando wanu uli pakati. Mayi wina anandifunsa kuti, "Kodi achimwene anuwo akubwera wapansi?" Ndinanama kuti basi yawonongeka panjira. A Ndau anakana kuyamba popanda inu, ndipo tinawabweza kunyumba pa ngolo.

Chonde lembani zoona. A Ndau akufunsabe tsiku lina, ndipo ine sindinamanso. Ambuye akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Yohane