Ndinawauza Kuti Ndiwe Wolimba

LACHITATU

06:52 Mwana wanga: adadi mwafika? bandeji mpaka pano sanasinthe. ikadali ya tsiku la opaleshoni

06:58 Ine: Ndafika, ndili pa benchi ya panja pa wodi. Mlonda akuti amuna amalowa 12 koloko basi, kwa theka la ola. Ndabweretsa matewera, sopo ndi madzi otentha m'fulasiki.

06:59 Mwana wanga: baby akulira kma sindikutha kudzuka kuti ndimunyamule. ndikangotsokomola zikukhala ngati akunding'ambanso

07:04 Mlamu: mwadzuka bwnj alamu. iwe mwana, akukuthandiza ndani mkatimo?

07:06 Mwana wanga: mayi ake a mtsikana wa bedi 10. ndi amene akundipatsira baby ndi kunditayira beseni. manyazi anti, munthu wosamudziwa nkomwe

07:07 Mlamu: mayi ako, akulu anga aja, akanakhala moyo bwenzi akugona pansi pa bedi lakolo. ine abwana andikaniza mpaka weekend. nanga mwamuna wako?

07:08 Mwana wanga: akadali ku ntchito ku site, mvula yadula msewu. mwina sunday

07:15 Ine: Uleze mtima. Pa bolodi ya pakhomo alemba kuti odwala ndi 34, manesi awiri. Sakuchita dala. Komanso sisita wamkulu wa wodiyi ndinamuphunzitsa masamu ku sekondale. Anandizindikira Lolemba lomwe.

07:16 Mlamu: eeh nde Mulungu wayankha kale! muuzeni amuone mwanayo plz

07:19 Ine: Ndinalankhula naye kale.

07:19 Mlamu: bho 👍

12:41 Ine: Ndatuluka. Mdzukulu ndamuona. Mphuno watengera agogo ake aakazi.

12:43 Mlamu: kkkk bola sanatengere makutu anuwo

12:43 Mlamu: nanga make?

12:50 Ine: Watopa. Zimakhala choncho pambuyo pa opaleshoni.

15:20 Mwana wanga: ndikumva kuzizira kma thupi likuotcha. nsalu yanyowa pamimba, timadzi tachikasu

15:22 Mwana wanga: nesi wadutsa kawiri. akungoti "wa aphunzitsi, ndikubwera" nkupita kwa ena

15:40 Ine: Abwera. Usamawaitane pafupipafupi, angaone ngati tikudzimva chifukwa tikudziwana ndi sisita.

15:41 Mwana wanga: ok

17:55 Mlamu: abwera?

18:20 Mlamu: iwe mwana

LACHINAYI

06:30 Mwana wanga: 🎤 0:51 Adadi, ndamufunsa nesi wa m'mawa uno kuti n'chifukwa chiyani aliyense amusintha bandeji kupatula ine. Wandiyankha akumwetulira. Akuti posinthana ntchito sisita anawauza kuti bedi 9 ndi mwana wa aphunzitsi, bambo ake anena okha kuti ndi wolimba, muziyamba ndi ena. Ndiye amayambadi ndi ena. Akamafika kwa ine gozi yomangira bala yatha, kapena nthawi yoweruka yakwana. Masiku atatu, adadi. Balali likununkha, ndikulimva ndekha. Mayi a bedi 10 angotsegula windo.

06:34 Mlamu: alamu??

06:35 Mlamu: zoona zimenezi?

06:49 Mlamu: ndikuona kuti mwamvera, musadzibise

07:02 Ine: 🚫 Mwafufuta uthenga uwu

07:11 Ine: Ndi zoona. Lolemba sisita anandifunsa ngati ndikufuna amuike mwana wanga pa bedi la pafupi ndi desiki yawo, pomwe amaona msanga. Pa benchi panali azimayi anayi akumvetsera. Zaka makumi atatu ndinkauza ana a sukulu kuti kudumpha mzere ndi kuba. Ndinakana. Kenako ndinawonjezera kuti mwanayu ndi wolimba ngati mayi ake, asavutike naye. Ndinkayesa ndi mawu aulemu chabe. Sindinadziwe kuti akawauza anzake ngati lamulo.

07:16 Mlamu: 🎤 0:44 Aulemu kwa ndani, alamu? Inu mumafuna azimayi a pa benchiwo akuoneni kuti ndinu wolungama, koma mimba yong'ambidwayo ndi ya mwana, si yanu. Wodi ya manesi awiri amayamba ndi amene akukuwa, aliyense amadziwa zimenezo, inu nokha ndi mabuku anuwo. Ndiye mwamutseka pakamwa kawiri, kwa sisita ndi pa foni pano. Akulu anga nawonso munkati ndi olimba. Sanali olimba, ankangoopa kukuchititsani manyazi pagulu. Dzukani pa benchipo.

07:20 Ine: Nthawi yolowa ndi 12.

07:20 Mlamu: ALAMU

07:31 Mlamu: iwe mwana ukupeza bwnj pano?

07:36 Mlamu: 📞 sanayankhe

07:38 Mlamu: 📞 sanayankhe

07:40 Mwana wanga: ndine mayi wa bedi 10. mwana wanu akunjenjemera foni yamugwa. khanda ndanyamula ine. bwerani bambo

07:41 Ine: Ndikulowa.

07:58 Mlamu: akulolani?

08:12 Mlamu: wina andiyankhe chonde ndili pa ntchito

08:37 Ine: Pepani, foni inali m'thumba. Mlonda anandigwira mkono, ndinamuuza kuti ngati akufuna andiperekeze. Ndinakaima pa desiki n'kunena mokweza, wodi yonse ikumva, kuti zimene ndinanena Lolemba zinali zabodza, mwana wanga akudwala, ndipo sindichoka mpaka dokotala amuone. Azimayi ena anali akuyamwitsa, anathamangira kufunda nsalu. Ndinangoyang'ana pansi. Wina kumapeto kwa wodi anakuwa kuti "bwerani muime pa desikipo m'malo mwa ifenso, bambo."

08:38 Mlamu: nde?? dokotala?

08:46 Ine: Wabwera. Choyezera kutentha chinali ku wodi ina, anachita kukabwereka. Thupi latentha kufika 39.4. Wamasula ulusi utatu, mwatuluka mafinya ambiri. Amuika dilipi ya mankhwala. Akuti tikanadikira mpaka mawa akanabwerera naye ku fiyeta kukamuchitanso opaleshoni.

08:47 Mlamu: Ambuye

08:47 Mlamu: mawa lomweli

08:59 Ine: Sisita ananditengera pakhonde n'kuyamba kupepesa, akuti anayenera kuvundukula yekha n'kuona, kaya bambo anena chiyani. Zimenezo n'zoona, sindinamutsutse. Koma ndamuuzanso kuti anamvera mphunzitsi wake monga ndinamuphunzitsira. Gozi mu wodi mulibe, ndikupita ku famase. Ndigula yokwanira bedi 10 ndi 11 omwe.

09:01 Mlamu: thamangani. za manyazi tikambirana pambuyo

09:02 Mlamu: zija ndanena za akulu anga sindibweza. kma ndanena moipa

09:05 Ine: Simunanene moipa.

13:05 Ine: Mwana wanga, ndinalowa 12 koloko, unali m'tulo, sindinakudzutse. Amusintha bandeji wa bedi 11 ine ndili pomwepo, yako ndi youma. Mdzukulu ndamunyamula mpaka mlonda anabwera kudzaloza wotchi. Mayi a bedi 10 andidzudzula kagwiridwe ka mutu, akuti ndikumugwira ngati rejista. Dzulo unandiuza kuti nsalu yanyowa, ine ndinakuuza kuti usaitane manesi. Ndawerenganso uthenga umenewo kangapo. Ndinasamala dzina langa, iwe n'kukusiya. Ndinalakwa. Sindikukukakamiza kuyankha.

15:32 Ine: Sisita wandiuza pa windo kuti kutentha kwatsika, kwafika 38.1. Akuti wamwa madzi ndipo khanda layamwa.

16:48 Mlamu: ndapeza bus ya mmawa. abwana akwiye akatopa asiya. mwana ndikubwera wamva, ndidzagona pansi pa bedilo ine

16:50 Mwana wanga: zkm anti ❤️

17:20 Ine: Ndikadali pa benchi ngati pali chimene ukufuna.

18:05 Ine: Akutseka geti. Ndibwera m'mawa.

LACHISANU

05:54 Mwana wanga: mubwere ndi pilo ndi charger

05:55 Ine: Ndibweretsa.

06:02 Mwana wanga: adadi ine sindine wolimba

06:02 Mwana wanga: kuyambira kale ndimangokuopani

06:09 Ine: 🚫 Mwafufuta uthenga uwu

06:48 Ine: Ndamva. Ndafika, pilo ndi charger ndapatsa mayi a bedi 10. Bala likamapweteka unene, usadikire.

07:03 Mwana wanga: likupweteka

07:03 Ine: Ndikulowa.