Jeke ya Belita, Loweruka la a Goodman

Gulu: Kwathu kwa Mkhumba (Ababa, Eneya, Belita)

LOWERUKA

08:12 Belita: achimwene jeke mwaika polimba? osati pamchenga paja pansi pa mango plz

08:13 Eneya: ili pakhonde sisi. pansi pake taika thabwa, tayala lakutsogolo tatchinga ndi njerwa

08:13 Belita: ok. muilowetse pansi pa injini, pa chitsulo cha fulemu. isakhudze ekizozi

08:14 Belita: ababa akaponda njinga ikakwera, mulowetse kaye pini ija musanagwire chilichonse. popanda pini itha kutsika yokha nkuwaphwanya dzanja

08:21 Eneya: [chithunzi]

08:21 Eneya: yakwera!! kuponda kamodzi basi kkkk

08:24 Ababa: 🎤 [mawu 0:38] Belita mwana wanga, koma zinthu zilipo padziko pano! Ndangoponda ndi phazi limodzi ngati ndikupha nyerere, njinga yamoto yonseyi n'kunyamuka, tayala lakumbuyo lili m'malere. Chithyokere sitandi yake yapakati ndakhala ndikuinyamula ndi msana kuti ikhale pachitsa. Anthu opanga zimenezi anali kuti masiku onsewa? Wachita bwino. Amayi ako ali apa akungoseka.

08:26 Belita: 😄 nde paja kuchipatala anati musanyamulenso zolemera. msanawo ukapwetekanso ndi nkhani ina ababa

08:26 Belita: pano simufunanso munthu okuthandizani. muzipanga nokha bhobho

09:47 Eneya: a goodman anabwera

09:50 Belita: eee muwapatse moni. amabwerabe loweruka lililonse?

09:51 Eneya: chimwalirire akazi awo sanajombepo. ababa akanyamula njinga iwo amalowetsa chitsa, amagwira mahandulo, amazunguza tayala ababa akuthira oyilo pa tcheni. akamaliza amadyera limodzi

09:52 Eneya: koma lero abwerera

09:52 Belita: bwnj?

09:54 Eneya: apeza njinga ili kale m'mwamba, ababa athira kale oyilo. aima pamenepo manja kumbuyo, ayizungulira jeke, nde akuti "a Thomson mwapeza mnzanu wamphamvu". aseka pang'ono nkutsanzika

09:55 Eneya: amayi anawaitana kuti kalongonda wapsa. akuti adya kale

09:55 Belita: mwina adyadi

09:56 Eneya: adya chani sisi? ndani wawaphikira?

LOWERUKA LOTSATIRA

07:58 Belita: mwadzuka bwnj kumeneko. musaiwale pini

11:30 Belita: ?

12:05 Eneya: tadzuka. njinga akonza, msana uli bho. a goodman sanabwere

12:06 Belita: mwina akudwala

12:09 Eneya: ndinadutsako popita ku boma. ali bwino, angokhala pakhonde. pamoto pawo phulusa lozizira. ndaona makaka awiri m'mbale, chinangwa chouma basi. aonda sisi, malaya akuwakulira

12:10 Belita: ana awo satumiza kanthu?

12:11 Eneya: ku joni kuja? amatumiza. vuto si ufa. munthuyo sakoleza moto akakhala yekha. loweruka ndi limene amadya ngati munthu, amayi nkuwaikira zina m'kambale zopita nazo

12:13 Belita: nde nkhani yake ndi yophweka. ababa mungowaitana kuti azibwera kudzadya. njinga ikugwirizana chani ndi mbale?

14:20 Ababa: 🎤 [mawu 1:12] Ndamva zimene mukukambirana, Eneya wandiwerengera. Belita, iwe wakhalitsa ku Limbe. Mwamuna wamkulu ngati a Goodman, wa imvi zake, sangadzuke kunyumba kwake kuwoloka mtsinje kuti akadye kwa mnzake. Anthu ati chiyani? Ati wayamba kupempha. Ngakhale anthu atapanda kunena, iye mwini adzinena mumtima. Koma akabwera n'kugwira handulo, manja n'kuda ndi oyilo, amayi ako akabwera ndi madzi osamba m'manja palibe amene akumuchitira chifundo. Wagwira ntchito, akudya. Ine chitsa chija ndikanatha kukankha ndi phazi, ndiwe mwana koma zimenezi ukudziwa. Ndinkawadikira dala. Tsiku lija chidwi chinandipitirira, ndinayamba iwo asanafike. Ndinalira mvula, matope ake ndi amenewa.

14:41 Belita: sindimadziwa

14:41 Belita: ine ndimangoganiza za msana wanu

14:45 Eneya: palibe akukunena sisi

LACHITATU

10:02 Eneya: ndaganiza nzeru. tichotse pini tibise. ababa akawauze kuti jeke yaonongeka abwere adzathandize ngati kale

10:05 Belita: nde anyamula ndani njingayo? ababa ayi

10:06 Eneya: ndinyamula ine, loweruka ndilipo

10:06 Belita: loweruka linalo? nanga nandolo akayamba kugulidwa mudzakhalapo inu?

10:07 Eneya: tiyambe tawabweza kaye. zinazo tiona

10:31 Ababa: 🎤 [mawu 0:21] Bodza ine limandivuta, nkhope imandiwulula. Amayi anu amandigwira ndisanatsegule n'komwe pakamwa. Koma chabwino, ndiyesa. Ndipita madzulo ano dzuwa likapepa.

17:15 Eneya: avomera! akuti abwera loweruka mamawa 🙏

17:18 Belita: mmm ok. koma mtima wanga sukukhazikika

LOWERUKA

09:10 Belita: afika?

09:44 Belita: achimwene

10:30 Belita: mukuwerenga koma simukuyankha. chachitika nchani?

11:02 Eneya: zalakwika

11:03 Belita: wavulala wina??

11:03 Eneya: ayi

11:06 Eneya: anabwera atavala ovolosi yawo ija, atanyamula ndi sipanala. akuti tione kaye chaonongeka. agwada pa jeke, aponda, yakwera bwinobwino. afunsa pini ili kuti. ababa akuti yasowa

11:07 Eneya: nde ababa powerama kuti awaonetse kabowo, pini nkugwa m'thumba la malaya. ngwee pasimenti

11:07 Belita: mayo ine

11:08 Eneya: ndinawauza abise kudenga. iwo akuti amaopa isowadi

11:10 Eneya: a goodman atola, apukuta ndi ovolosi, alowetsa pamalo pake. nde akuti "a Thomson, tinavinidwa limodzi ife. mukandimvera chisoni muzingondiuza. osandipangira sewero pamaso pa mwana"

11:11 Eneya: anapita osatembenuka. amayi anawathamangira ndi kambale mpaka pamseu, akana

11:12 Belita: ababa ali kuti?

11:13 Eneya: akhala pachitsa chija. njinga ikadali m'mwamba

11:13 Eneya: nzeru inali yanga. ndaputa zosaputa

11:20 Belita: ababa pepani

11:21 Belita: ndibwera kumapeto kwa mwezi ndidzaitenge. alipo anyamata akabaza kuno angaifune

15:48 Belita: ababa mwamva?

LOLEMBA

07:35 Belita: achimwene ababa alankhulapo?

07:52 Eneya: zochepa. dzulo kutchalitchi a goodman anakhala benchi lakumbuyo, anatuluka nyimbo yomaliza isanathe

07:53 Belita: kunena zoona zikundiwawa. chinthu chija ndinachinyamula ndekha m'minibasi, kondakitala akulalata kuti chikupweteka anthu miyendo. njira yonse ndimangoganiza m'mene ababa asangalalire

07:54 Belita: kodi mphatso imathanso kupasula chinzake?

08:01 Eneya: siinu sisi. tonse sitinaone

08:02 Belita: koma sindingalolenso kuti abwerere kunyamula njinga. ndinawaona atagona pamphasa sabata yonse osatha kutembenuka. inu munali ku mozambique simunaone

08:03 Eneya: ndikudziwa

LACHINAYI

13:10 Ababa: 🎤 [mawu 1:34] Belita, ndakhala chete chifukwa ndimafuna ndiganize ndekha, nzeru za gulu zandigwetsa kale. Jeke usadzaitenge. Msana wangawu ndi wothadi, sindikutsutsa, ndikawerama kumanga nsapato ndimaona nyenyezi. Koma pakhomo pano chinthu chimenechi sichikhala. Ndikachiona pakhondepo ndimakumbukira munthu akutola pini. Ndiye ndikupempha kwa iwe, chifukwa mwini wake ndiwe. Undilole ndikachisiye kwa a Goodman. Sindikawapatsa ayi, angandiponyere nacho kumaso. Chikangokhala kumeneko. Ine ndikafuna kuthira oyilo, kukunga tcheni, kuona mabuleki, ndizikwera njinga kupita kwawo, ndizikaodira ngati mlendo aliyense. Akafuna azindilola, akapanda kufuna azindibweza. Nthawi yonseyi wowoloka mtsinje anali iwo. Tsopano ndiziwoloka ndine. Ukakana sindikwiya, mwana wanga, unachivutikira.

13:44 Eneya: sisi mwamvera?

14:30 Eneya: sisi

16:12 Belita: ndamvera katatu. ndinali ku ntchito

16:13 Belita: ndinalira pang'ono, osanama. ndimafuna chizikhala kwathu, anthu akamadutsa aziti mwana wa a thomson ndi amene anagula. ndi kunyada basi, ndikudziwa

16:15 Belita: kachisiyeni ababa

16:15 Belita: koma thabwa lija mutengenso. kwa a goodman pansi mpofewa

16:16 Belita: ndipo anyamule achimwene. inu musakhudze

LACHISANU

15:20 Eneya: tapita nacho. ndinamanga pa njinga yakapalasa, ababa amabwera pambuyo wapansi

15:21 Belita: anati chani?

15:24 Eneya: ababa analankhula okha, ine ndinaima patali. ndinangomva akuti "ndinakunamizani, ndinalakwa. lero sindikunama. chinthuchi chandilanda mnzanga, kwathu sindikuchifuna, koma msana wanga ukuchifuna. ndisungireni"

15:25 Belita: nde?

15:26 Eneya: a goodman akuti "pakhomo panga si sitolo"

15:26 Belita: 😔

15:27 Eneya: koma sananene kuti tibwerere nacho. tachisiya pafupi ndi nkhokwe. ababa akuti "mawa ndibwera ndi njinga". a goodman anangolowa m'nyumba

15:29 Belita: nanga akakawabweza?

15:30 Eneya: akuti adzapitanso loweruka linalo

15:33 Belita: za chakudya nanga?

15:36 Eneya: amayi akuti awaikira ababa kamba wa paulendo. ulendo wake wongowoloka mtsinje kkk. kalongonda ndi chinangwa, mbale yoti anthu anayi sangamalize

15:37 Eneya: akuti munthu sangatsegule mbale pakhomo pa mwini nkumadya yekha, ndipo mwini khomo sangasiye mlendo adye yekha. zikakanika pamenepo nde kaya

LOWERUKA

07:40 Eneya: anyamuka. akana kuti ndiwaperekeze

07:41 Belita: foni atenga?

07:41 Eneya: atenga, ndawaikira data

08:55 Belita: ababa mwafika?

09:30 Belita: achimwene sanabwerere?

09:31 Eneya: ayi. njinga sindinaimve

09:32 Belita: ndi bwino kapena ndi zoipa?

09:32 Eneya: kaya sisi. amayi angokhala pakhonde akusankha nandolo, maso ali kumseu

10:18 Ababa: [chithunzi]

10:19 Eneya: eee ababa adziwa kujambula??

10:19 Eneya: sisi onani bwino. pabwalo ndi posesa. thabwa aliyala pamiyala, si pamene tinasiya dzulo

10:20 Belita: phazi lili pa jeke ndi la ndani? nsapatoyo si ya ababa

10:26 Ababa: 🎤 [mawu 0:44] Ndinapeza atakonza kale malo, asalaza ndi khasu, koma moni anandiyankha wouma. Akuti ndachedwa, ntchito ya njinga imafuna dzuwa lisanakwere. Jeke sandilola kuiponda, akuti pakhomo pawo woponda ndi iwo, pini akusunganso okha. Apeza kuti tcheni ndinakungitsa, masipoko awiri ndi olobodoka. Andinena kwambiri. Ine ndangoti inde, inde, ndagwira handulo.

10:28 Eneya: 😂😂 ababa asanduka wogwira handulo

10:29 Belita: msana uli bwnj?

10:29 Belita: ayi dikirani, limenelo ndifunsa kenako

10:30 Belita: a goodman adya?

11:15 Belita: ababa?

11:52 Belita: achimwene tawaimbirani

11:53 Eneya: ikungoitana

12:20 Belita: ababa plz. adya?

12:34 Ababa: 🎤 [mawu 0:06] Iwe, manja ali m'mbale. Akuti uwauze amayi ako mchere wachepa.