Dzanja lamanja la Agogo Hilida

Amayi, kodi kukucha bwanji kumene muliko?

Ife kuno ku Coventry tilipo, kungoti kuzizira kwabwera msanga chaka chino, mawondo anga ayamba kale kudandaula. Papita miyezi ndisanakulembereni, musandikwiyire. Lero ndili ndi nkhani, ndipo ndikuuziranitu kuti ndiinena modzitama. Mumamudziwa mwana wanu, sazungulira.

Ndiyambe ndi zokoma. Mdzukulu wanu Chisomo wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu, Elube. Mphuno ndi yanu, kukuwa ndi kwanga. Kudimba kuja ndimabwereka kukhonsolo chimanga chandichititsanso manyazi, chinafika m'chiuno n'kuima, dzuwa la kuno ndi laulesi. Koma nkhwani, Amayi! Ndathyola mpaka kugawira mzungu wa dimba loyandikana nalo, yemwe poyamba ankandiyang'ana ngati wamisala pondiona ndikusadzula masamba a maungu.

Ntchito ndi yomwe ija, kunyumba yosamalira okalamba. Kumeneko kuli Agogo Hilida, zaka zawo zatsala pang'ono kukwana zana. Anabadwira ku Jeremani, anakwatiwa ndi msilikali wa kuno nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, n'kudzakhala mumzinda womwe ndege za kwawo zinaugumula ndi mabomba. Powaveka m'mawa, dzanja lamanzere amakweza bwinobwino. Lamanja ayi. Si lopuwala, amadyera lomwelo, amalukira lomwelo, kutsina amatsina nalo. Koma ukangoti kwezani, amalikanikiza pantchafu ngati lamatidwa.

Tsiku lina anthu asanu akundidikira, ndinapsa mtima. Paja munkati, "Esitere, meza kaye malovu katatu usanayankhe." Sindinameze ngakhale kamodzi. Ndinati, "Agogo, ndilibe tsiku lonse ine, kwezani dzanjalo!" Anandiyang'ana n'kuti, "Ndinalikweza mokwanira, mwana wanga. Zaka khumi ndi ziwiri."

Anandifotokozera ndikuwapesa tsitsi. Ali kamtsikana, m'mawa uliwonse kusukulu ana onse ankaimirira n'kutambasula dzanja lamanja m'mwamba polonjera wolamulira dziko lawo. Dzina lake sindililemba, kalata yopita kwa inu isade. Pa desiki ankakhala ndi mnzawo Rute, mwana wachiyuda. Rute anauzidwa kuti azikhala kumbuyo yekha, kenako anangosiya kubwera, ndipo palibe anafunsa. Bambo a Hilida anali munthu wopemphera, woyendetsa sitima za mumzinda, sanamenyepo munthu. Koma anamuvotera munthu uja. Nkhondo itatha, Hilida analumbira kuti dzanjalo silidzakweranso chifukwa choti wina walamula.

Manyazi anandigwira mpaka kuzikhadabo. Masiku ano mkono wa malaya ndimaulowetsa chapansi, kuyambira kuzala, ngati ndikuveka khanda, ndipo ndinawakakamiza a manijala kuti aliyense azichita chomwecho.

Koma funso linakana kundichoka: munthu wopemphera angavotere bwanji chilombo? Mukudziwa kuti sukulu ndinalekezera Sitandade 8. Ndinapita ku laibulale, ndinatenga mabuku okhuthala ngati njerwa, n'kumawerenga m'basi, mawu ovuta ndikufufuza pa foni. Palibe anandiphunzitsa, ndinazifukula ndekha.

Ine ndinkayesa kuti munthuyo analanda boma ndi mfuti. Ayi ndithu. Anayesa kamodzi, analephera, anamangidwa. Atatuluka anaona kuti khomo losavuta ndi la voti. Ajeremani nthawi imeneyo anali ndi ufulu wonse: zipani zambirimbiri, nyuzipepala, nyumba ya malamulo, akazi nawo ankavota. Koma anali atagonja pankhondo yoyamba ija, mitima ili ndi manyazi. Ndalama yawo inafika posanduka mapepala wamba. Atangoti apume, ntchito zinatha, azibambo n'kumaswera pamizere, aphungu akungokangana. Ndiye anabwera iye n'kuti: vuto lanu ndi Ayuda, vuto lanu ndi zipani zinazi, vuto lanu ndi misonkhano yosathayi. Anyamata ake a malaya abulauni ankamenya anthu m'misewu, iye n'kumalengeza kuti wothetsa chipwirikiticho ndi iye yekha. Woyatsa moto yemweyo kumagulitsa madzi!

Ndipo mumve ichi, Amayi. Pa chisankho chaufulu sanapezepo ngakhale theka la mavoti. Anamukhazika pampando ndi akuluakulu ena, poganiza kuti amumanga chingwe ngati mbuzi n'kumamukoka. Nyumba ya malamulo itapsa, iye anati dziko lili pangozi, n'kupempha aphungu kuti amupatse mphamvu zopanga malamulo popanda iwo, zaka zinayi zokha. Tsiku lovota, anyamata aja anadzaza m'makomo ndi m'makonde, maso ali pa aliyense. Chipani chimodzi chokha n'chomwe chinakana, aphungu ena anali kale m'ndende. Otsalawo anavomera. Anadzitseka pakamwa okha, motsata malamulo.

Powerenga zonsezi ndinkaona inu. Ndinkaona chipata cha msika wa ku Limbe, inu mutasenza dengu la matimati, anyamata a malaya ofiira atatchinga njira: wopanda khadi la chipani salowa. Munagula lanu, munagula langa, munagulanso la mlongo wanga Yohane ali m'mimba. Munkavala nsalu ya chipani ija n'kukavina pamisonkhano. Ine ndi kamwa langali ndinakuuzani pamaso kuti, "Amayi, ndinu amantha." Munangoti, "Ine ndili ndi ana anayi, iwe ulibe ngakhale nkhuku." Koma tsiku lija dziko linafunsidwa ngati likufuna chipani chimodzi kapena zambiri, tambala kapena nyali, munavala nsalu yomweyo, munagwadira wapampando wa chipani panjira, munalowa m'kachipinda. Pobwerera munandinong'oneza kuti, "Ndayatsa nyali." Ndinadabwa. Munati, "Pagulu dzanja langa ndi la amene akundiyang'ana. M'kachipinda muja ndi langa."

Tsopano nkhani yeniyeni. Gulu lathu la Amalawi limakumana mu holo ya tchalitchi ku Foleshill, dera lina la mumzinda muno. Muli anamwino akale, muli ife, muli atsopano obwera pa viza ya ntchito yosamalira okalamba, ena mwa iwo a ku Zambia. Wapampando ndi Bambo Kamwendo, namwino wamkulu, omwe aja anandiperekeza kubwalo la ndege mutamwalira. Miyezi yapitayi kampani ina inalandidwa chilolezo, atsopano ambiri ntchito inawathera. Lamulo la kuno ndi louma: ukapanda kupeza bwana wina wokuimira pa viza, amene timati siponsa, m'masiku owerengeka, umabwerera kwanu. Gulu ndi lomwe limauzana pa foni kumene kukufunika anthu, ndipo akalewo ndi amene amalembera munthu kalata ya umboni. Kuchotsedwa m'gulu n'chimodzimodzi kupatsidwa tikiti ya ndege.

Mmodzi mwa otaya ntchito ndi Misozi, mayi wa ana awiri wa ku Chipata. Kampani ija inkamutumiza kudzathandiza kuntchito kwathu, ndipo ndi iye anandigwirira mashifiti onse pamene ndinabwera kudzakuikani m'manda. Sanandiwerengere ngakhale tsiku limodzi.

Loweruka lina pamsonkhano wa gulu, Bambo Kamwendo anaimirira. "Abale," anatero, "nthawi ndi yovuta, tilibe mpata wa mikangano. Chisankho cha chaka chino tichiimike. Komiti ipatsidwe mphamvu, zaka ziwiri zokha, kuti izigamula zinthu ndi kuchotsa munthu popanda kudikira msonkhano. Komanso mipata ya ntchito ndi yochepa, tiyambe tathandiza athu. Abale a ku Zambia atikhululukire, atuluke kaye. Ogwirizana nazo akweze manja."

Zaka ziwiri zokha! A komiti, olemba makalata aja, anali atakhala kutsogolo, maso ali pa ife. Manja anayamba kukwera, limodzi, lina, lina. Mwini dzanja aliyense ankayamba wayang'ana mnzake. Ngakhale abambo ena omwe anali atangomaliza kumene kudya chikanda, chakudya cha ku Zambia chomwe Misozi anabweretsa, dzanja lamafutalo analikweza. Misozi anangoweramitsa mutu n'kumapinda lamba wa chikwama chake.

Ndinameza malovu kawiri, Amayi. Kachitatu anakana kutsika. Ndinaimirira n'kukuwa kuti, "Tsitsani manja amenewo!" Ndipo apa ndiulule: ndinawaloza Bambo Kamwendo n'kuwatchula dzina la munthu wa ku Jeremani uja.

Holo yonse inaphulika. Wina kumbuyo anati, "A Esitere, mwamwa chiyani lero? Kuno ndi ku Foleshill!" Wina, "Mabuku a m'basi aja awazunguza mutu." Bambo Kamwendo sanakweze mawu. Anangoti, "Mayi, ine ndapha ndani?"

Funsolo linandilasa, chifukwa anali kunena zoona. Ndinati, "Simunaphe munthu, bambo, dzinalo ndalakwitsa, ndalibweza. Koma zinazo sindibweza. Bambo a gogo amene ndimamusambitsa sanaphenso munthu. Anali ndi mantha a ntchito ngati ifeyo, anauzidwa kuti wina akatuluka malo apezeka, anauzidwa kuti ndi zaka zochepa chabe. Lero ndi a ku Chipata. Mipata ikachepanso, atuluke ndani? A Kumpoto? Ife opanda satifiketi? Ndipo tidzadandaula kuti, msonkhano titaupereka tokha?"

Ndiye munandibwerera m'mutu inu ndi kachipinda kanu. Ndinati, "Sindikuti mundimvere ine. Ndikuti tivote pa mapepala, aliyense payekha. Amene akweza manjawa akudikira makalata kwa inu a komiti, akanatani? Ngati akufunadi zimenezi, pepala siliwasintha mtima. Mukuopa chiyani?"

Ndiwapatse ulemu wawo Bambo Kamwendo. Anayang'ana manja omwe anali akutsika okha mwakachetechete, anapukuta magalasi, n'kuti, "Bweretsani mapepala." Tinang'amba kope la Sande sukulu, cholembera chinali kuyenda dzanja ndi dzanja, aliyense akulembera pabondo atatchinga ndi chikhatho. Mavoti tinaponya m'chidebe chomwe munali mandasi. Anawerenga mayi abusa pamodzi ndi bambo wina wa ku Zambia, mokweza, pepala ndi pepala. Ayi. Ayi. Inde. Ayi. Ayi. Amayi, manja omwe aja anali m'mwamba ndi amene analemba ayi! Mapepala a inde anali ochepa moti mayi abusa anawagwira ndi zala ziwiri, ali ndi mafuta a mandasi.

Chisankho chichitika mwezi wamawa monga mwa nthawi zonse, ndipo palibe wachotsedwa. Ine ndinatenga nkhwani wodzaza thumba n'kupita kwa Bambo Kamwendo kukapepesa za dzina lija. Anati, "Kamwa lanu, mayi, likufunika chilolezo cha boma." Ndinati, "Nalonso tilivotere pa pepala." Anaseka. Kalata ya Misozi analemba ndi iwo omwe, ndipo wapeza siponsa m'tauni yapafupi ya Nuneaton, ayamba Lolemba. Pali ena mpaka lero sandipatsa moni kutchalitchi. Asandipatse, moni sindidya.

Nditawafotokozera Agogo Hilida, anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anati, "Iwe ukanakhala kwathu nthawi ija, akanakutenga sabata yoyamba." Anandifunsa ngati amayi anga ankakweza dzanja. Ndinati ankakweza. Anati, "Ndiye uli moyo chifukwa cha iwo."

Zimenezo ndi zomwe zandikhazika pansi kuti ndilembe. Ndikudzitama, inde, sindibisa. Mwana wa Sitandade 8 anaimitsa holo yodzaza ndi anthu a madigiri. Koma ine ndinataya chiyani? Moni basi. Inu mukanakana pachipata paja, mukanataya dengu, mwinanso mukanatisiya amasiye. Munasunga ana anayi, munasunganso mtima wanu mpaka tsiku lomwe anakupatsani kachipinda. Nzeru yomwe inapulumutsa Misozi sindinaipeze m'mabuku a njerwa aja, ndinaitola panjira yochokera kovota, ndikuyenda pambuyo panu. Mawu aja ndinakunenani ndili mtsikana ndawabweza, Amayi. Ndachedwa nawo, koma ndawabweza.

Khadi lanu la chipani ndinalipeza m'Baibulo lanu titakuikani, ndipo ndinalibisa pansi pa sutikesi chifukwa cha manyazi. Dzulo ndalitulutsa. Ndikukulonjezani kuti Elube akadzakula ndidzamuonetsa, ndidzamuuza za khadi ndi za nyali, zonse ziwiri, m'Chichewa, ngakhale azidzandiyankha m'Chingerezi. Za malovu zokhazo sindilonjeza katatu. Kawiri ndayesetsa.

Ndine mwana wanu wokukondani, wa kamwa lomwe lija,

Esitere