Mphoto ya Mlongo Wathu

17 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tikudzuka. Atate akumwa mankhwala bwino, kungoti dzanja lamanja ndi lilime zikukanabe chidwalireni sitiroko ija. Ine ndiye ndikulemba ndili wokwiya.

Mwamva kuti yunivesite yomwe mlongo wathu anaphunzirako yamupatsa mphoto ya mtsogoleri wothandiza anthu, chifukwa cha nyumba yake ija yosungirako okalamba. Munthu amene akabwera kuno amangoima pakhomo makiyi ali m'manja, anatumiza galimoto kuti Atate akapezeke pamwambowo. Atate anasangalala ngati mwana. Ndinawameta ndevu, ndinasita jekete lawo labuluu, ndipo njira yonse ankayeserera kunena "zikomo" kuti lilime lisakawachititse manyazi.

Titafika muholo, mtsikana wina wokonza mwambo sanatipititse kumipando ya achibale. Anatilowetsa kuseri kwa nsanja, komwe kunali agogo ena ochokera kunyumba ija.

"Amayi, jeketeli tiwavule kaye," anatero.

"Chifukwa?"

"Bwana akuti likuoneka labwino kwambiri. Avale tisheti ya bungwe ngati anzawowa."

Ndinayesa nthabwala. Ndisanatseke pakamwa, jekete linali m'manja mwanga, njinga ya olumala ya Atate ikukankhidwira pansanja.

Achemwali, ndinamva ndi makutu angawa. Mlongo wathu, ali mumkanjo wake, anawagwira Atate dzanja n'kunena kuti, "Agogo awa tinawapeza atatayidwa, opanda wowasambitsa, opanda wowapatsa ngakhale madzi." Anaima pang'ono kuti mawu anjenjemere bwino. Mayi wina wa chipewa chachikulu anatulutsa kampango n'kupukuta misozi, ndipo holo yonse inaimirira kuwomba m'manja. Ine amene ndinawasambitsa m'mawa womwewo ndinali kuseri kwa katani, sopo akununkhirabe m'manja. Ndikanakuwa, koma ndinaona Atate akumenya dzanja lawo labwinolo panjinga, nawonso akuwombera m'manja mwana wawo.

Panja ndinamupeza akujambulitsa atakumbatira chikho chake.

"Iwe, ulibe manyazi? Atate ako okubala?"

"Aa, achemwali, musakulitse nkhani. Agogo athu enawo samvetsa chisoni pakamera. Atate nkhope yawo imagwira mtima. N'zothandiza anthu izi."

Nkhope imagwira mtima! Ngati akusankha tomato pamsika. Kunena zoona, ndinanyansidwa naye moti sindinathe kumuyang'ananso kumaso.

Tsono nayi nkhani yomwe ndakulemberani. Akuluakulu othandiza bungwe lake akufuna kukawaona "agogo aja" kunyumba ya okalamba. Ndiye akuti Loweruka likubwerali atumiza galimoto, Atate asamukire kumeneko mongoyembekezera. Mukuwadziwa mawu a mlongo wathu, akati awabweza mawa ndiye chaka chamawa. Akutinso inu mwavomera kale pafoni, poti ine ndatopa, ndipumeko.

Ngati n'zoona, sindikukuimbani mlandu, munamva mbali imodzi. Kutopa ndimatopadi, sindibisa, masiku ena msana umachita kukana ndikamawanyamula. Koma Atate sakagona pakati pa anthu osawadziwa kuti bodza la mwana wawo lioneke loona. Chonde muimbireni, inu amakuopani. Mukapanda kutero, galimotoyo idzapeza chitseko chokiya, ine ndi Atate tili mkati, ndipo ubale ukatha uthere pomwepo.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Atate ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Alimbana nalo lilime nthawi yaitali, nkhope ikuwala, ndipo ati ndikuuzeni kuti mwana wawo anawagwira dzanja pamaso pa anthu onse. Ndalemba monga anenera.

Ndine mng'ono wanu.