Lolemba Sindikolopa

Lachitatu, 4 Seputembala

Kalata yafika. Anditenga. Koleji yomwe ndakolopa zaka zisanu ndi zinayi, Lolemba ndikalowamo ngati wophunzira. Alamu anga akuti, "Pamsinkhu wanuwu?" Eya alamu, ubongo wanga unasasa kalekale ngati mkaka. Zikomo pondikumbutsa.

Lachisanu, 6 Seputembala

Tsiku lotionetsa malo ife atsopano. Kamtsikana kovala baji kundilozera kumene kuli zimbudzi. Ine! Ndinagwedeza mutu ngati mlendo weniweni. Sindinakauze kuti chachitatucho chimasefukira ukagujumula kawiri. Kadzaona kokha.

Pageti mlonda anandipatsa makiyi a chipinda cha matsache, mwachizolowezi. Ine chitsiru n'kulandira. Ndinazindikira nditafika kale pamasitepe.

Ndikuopa, ndisaname. Kukhala m'kalasi, wina n'kundituma ntchito pamaso pa anawo, ine n'kudzuka.

Loweruka, 7 Seputembala

Kuchapa, kusita. Mwana wanga wandikutira makope ndi nyuzipepala ngati wa sitandade wani, akuti akubwezera. Abambo ake akufunsa kuti masana aziphika ndani. Vuto lalikulu zedi, dziko liime kaye. Mapoto sanasamuke, ali pomwe paja.

Manja akununkhabe mankhwala otsukira. Mafuta ndadzola katatu.

Lolemba, 9 Seputembala

Ndinafika 6 koloko, kalasi ya 8. Miyendoyi palibe anaiuza kuti ndinasiya ntchito.

M'kalasimo ndinapeza mnzanga amene tinkasinthana ndowa, akukolopa yekha. Ndinati ndimuthandize kusuntha madesiki, anandimenya dzanja. Anandikhazika padesiki yakutsogolo. Anali ataipala chingamu chonse, ataipukuta mpaka kuwala. Misozi inalengeza, ndinanamizira fumbi. Iye anakwiya, akuti fumbi lake liti.

8 koloko, kalasi yadzaza. Analowa aphunzitsi aja amene zaka zonsezi dzina langa linawakanika. Kundiona basi: "Amayi, lero bolodi simunafufute?"

Ine manja ali kale padesiki, thupi likunyamuka lokha.

Mnzanga ali pakhomo, ndowa m'manja. Sanakweze n'komwe mawu. "Amenewo ndi ophunzira, bwana. Chofufutira chili pambali panupo."

Aphunzitsiwo anandiyang'ana, anayang'ana pamndandanda wa mayina. Kenako anafufuta okha, munthu wa madigiri atatu. Ntchito yosalongosoka, choko chatsala m'makona monse. Chinandiyabwa m'maso maola awiri athunthu.

Sindinadzuke.