Chiwindi cha pa Chiliza cha Agogo

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Golomoti tilipo, kupatula abambo: gauti, nthenda yotupitsa mfundo ija, yawagwiranso.

Loweruka tinali kumwambo wa chiliza cha agogo aamuna. Mbuzi itaphedwa, azakhali anaikira abambo chiwindi ndi nthumbwana, pambali chipanda cha masese. Ndinawakumbutsa azakhaliwo kuti abambo kuchipatala anawaletsa zam'kati mwa nyama, usipa ndi mowa. Azakhali amvekere, "Iwe ndi Fomu Folo yakoyo! Mwana wachisamba akane chiwindi pamwambo wa bambo ake?" Abambo anadya chonse.

Kutacha, chala chachikulu chakuphazi chinali chitatupa, chikutentha, chosafuna ngakhale kukhudzidwa ndi chitenje. Pano akuyendera ndodo ya agogo ija. Ndikamva phazi likukhwekhwerezeka kuseri kwa nyumba ndimachita tsembwe, chifukwa malemuwo ankayenda chomwecho chaka chawo chomaliza.

Azakhali sindinawalankhulebe. Akuti kutupako ndi mizimu, ngati kuti mizimu ndiyo inagawa nyama.

Mwezi wamawa kuli chiliza china ku Mtakataka, ndipo mbuzi aigula kale. Chonde aimbireni abambo, inu amakumverani. Azimwa madzi ambiri, asadumphitse mapiritsi, ndipo chiwindicho akachikane ngakhale mudzi wonse uwanene. Ine manda ena sindikufuna kukawamangira chiliza.

Ambuye akusungeni kumeneko.

Ine mlongo wanu,
Tadala