Mphika wa kalongonda

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Kwatentha tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunakhazikike.

Kutchalitchi kunabwera anthu a pulojekiti ya thandizo lochokera kunja. Akufunafuna mbewu zamakolo kuti zisatheretu: nzama, mapira, mawere, kalongonda. Mayi amene amawatsogolera anandipempha kuti, "Ngakhale kadzanja kamodzi kokha, amayi, ife tikachulukitsa." Ndinangoyang'ana pansi.

Amayi anga ankasunga kalongonda mumphika wadothi, atathiramo phulusa. Mbewuyo agogo awo anachita kubwera nayo kuchokera ku Mozambiki. Amayiwo ankaphika tsiku lathunthu, kutaya madzi kangapo kuti poizoni wake achoke, ife tikudandaula njala pakhonde. Chaka chimene pulojekiti ina inatigawira chimanga cha haibulidi, ndinawaseka kuti akukakamira zachikale. Anangoti, "Zisiye pomwepo, mwanawe, sizikukupempha chakudya." Atamwalira, ndinakakhuthula zonse kudzala kuti mumphikamo ndizisungiramo madzi akumwa.

Mphikawo ulipobe, ndipo umaziziritsa madzi bwino. Lero ndinatunga kapu imodzi, koma ndalephera kumwa.

Mawa ndilawirira kwa azakhali ku Naisi. Iwo aja sankamvera munthu, mwina mbewuyo akadali nayo.